Injini Ikaŵira pa Zitunda za Dedza

Aliyense amene amayenda pa mseu waukulu wa M1, pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu, anazionapo izi. Galimoto yaima m'mphepete mwa phula, boneti ili yasa, nthunzi ikufuka. Nthambi za mitengo zaikidwa pa mseu kuchenjeza magalimoto ena, ndipo mnyamata wina akutsetserekera kudambo, chigubu chili m'manja. Apaulendo akhala pa udzu, maso ali kudzuŵa. Mayi amene wapikula kachewere ndi kabichi pa Lizulu akuŵerengera mumtima ngati akaupeze msika usanathe. Mwini galimoto naye mtima uli m'malere, pakuti akudziŵa kuti nthunzi imeneyi ikhoza kukhala ya kachipangizo kotchipa, komanso ikhoza kukhala imfa ya injini yonse.

Chodabwitsa n'chakuti izi zimachitika m'dera limene ndi limodzi mwa madera ozizira koposa m'Malaŵi muno. Tauni ya Dedza ili pa msinkhu wa mamita pafupifupi 1,600 poyeza kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. M'miyezi ya June ndi July anthu a ku Bembeke amaotha moto ngakhale dzuŵa litatuluka. Nanga galimoto ingaŵire bwanji kumalo kotere, pamene yakhala ikuyenda miyezi yambiri m'tauni popanda chovuta?

Madalaivala ambiri amaloza chala phiri. Koma chitunda sichidwalitsa injini. Chimangoulula matenda amene analimo kale. Ndipo malo amene galimoto yatenthera, pamodzi ndi liŵiro limene inali nalo, ndiwo umboni woyamba wosonyeza pamene pagona vuto. Woudziŵa umboni umenewu amapulumutsa injini yake, ndiponso ndalama zake.

Kumene kutentha kumachokera

M'kati mwa injini mumayaka moto. Petulo kapena dizilo akapsa pamwamba pa pisitoni, kutentha kwake kumapitirira madigiri 2,000 a Celsius, chonsecho aluminiyamu amene amapangira hedi za injini zambiri za masiku ano amasungunuka pa madigiri 660 okha. Mwa mphamvu yonse ya m'mafuta, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limayendetsa matayala. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo gawo lachitatu limaloŵa m'zitsulo za injini. Gawo lachitatuli ndilo liyenera kuchotsedwa mosalekeza, ndipo ntchito imeneyi ndi ya madzi.

Madziwo amazungulira m'tinjira ta m'kati mwa buloko ndi hedi, akukankhidwa ndi wotapampu. Akatenga kutentha amatuluka pa paipi ya pamwamba kunka ku redieta, kumene amagaŵikana m'timapaipi tambirimbiri topyapyala tokhala ndi zipsepse. Mphepo ikamadutsa m'zipsepsemo imatenga kutenthako, madzi n'kubwerera ku injini pa paipi ya pansi atazizirako. Redieta yokhala ndi timabowo tonga ta chisa cha njuchi inatchuka ndi galimoto ya Mercedes ya m'chaka cha 1901, imene anaikonza Wilhelm Maybach wa ku Germany, ndipo nzeru yake sinasinthe mpaka lero: madzi ochepa amakumana ndi mphepo yambiri.

Pa khomo lotulukira madzi pali kachipangizo kotchedwa themositati. Injini ikazizira kamakhala kotseka kuti itenthe msanga. Madzi akafika madigiri amene analembedwa pa iko, kaŵirikaŵiri 82 kapena 88, kamatseguka. Palinso fani, imene imakoka mphepo pamene galimoto yaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono. Chomaliza ndi chivindikiro cha redieta, chimene ambiri amachiyesa chotsekera wamba, koma kumapiri ndicho mlonda wamkulu.

Chifukwa chake Dedza imaulula matenda

Pali zinthu zitatu zimene zimakumana pa zitunda za Dedza.

Choyamba ndi kukwera kwenikweniko. Wochokera ku Lilongwe, mzinda umene uli pa mamita pafupifupi 1,050, amayenda makilomita pafupifupi 85 kudzera ku Nathenje, Kamphata, Chimbiya ndi Linthipe, ndipo akamafika pa Dedza amakhala atakwera mamita oposa 500, ambiri mwa iwo ali pa liŵiro. Wochokera ku Balaka amayamba kukwera asanafike pa Ntcheu, n'kupitiriza mpaka ku Lizulu, kumene mseu umatsata malire a Malaŵi ndi Mozambique. Koma mayeso aakulu ndi mseu wokhotakhota wa Khwekhwerere, wochokera ku Golomoti, kuchigwa cha kunyanja, kudzatulukira pa Masasa. Pamenepa galimoto imakwera mamita pafupifupi 1,000.

Masamu ake ndi otere. Minibasi yodzaza imalemera pafupifupi matani 3. Kuti ikwezedwe mamita 1,000, injini imatulutsa kutentha kwapadera kopita m'madzi ake, kokwanira kuŵiritsa malita pafupifupi 90 a madzi ozizira, ndiye kuti zidebe zinayi ndi theka za malita 20. Uku n'kuwonjezera pa kutentha kwa ulendo wa pa chidikha. Chonsecho injini yotere imasunga madzi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ameneŵa. Motero redieta iyenera kutaya kutenthako msangamsanga monga momwe kukubwerera. Ikangotsalira pang'ono, muvi wa geji umayamba kukwera.

Chachiŵiri ndi mpweya. Pa mamita 1,600 mpweya umakhala wopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 poyerekeza ndi wa pa nyanja ya mchere. Injini yopanda tebo imafooka ndi muyeso wofananawo, choncho dalaivala amaponda mafuta kwambiri kuti apeze mphamvu imene anaizoloŵera. Nayonso mphepo yodutsa m'redieta, pokhala yopepuka, imanyamula kutentha kocheperapo. Kuzizira kwa Dedza kumathandiza ndithu, koma m'miyezi ya October ndi November chithandizo chimenechi chimachepa.

Chachitatu ndi madzi eni ake. Ana a sukulu amaphunzira kuti madzi amaŵira pa madigiri 100. Izi n'zoona ku Nsanje, kumene dziko lili pafupifupi pa msinkhu wa nyanja ya mchere. Koma munthu akakwera mamita 300 alionse, madzi amafulumira kuŵira ndi digiri imodzi. Pa Dedza amaŵira pa madigiri pafupifupi 95. N'chifukwa chake nyemba zimachedwerapo kupsa kumapiri: madzi amabwata asanatenthe mokwanira. Tsono injini yogwira ntchito yolemetsa imakhala ndi madzi a madigiri 90 mpaka 100, ndipo izi si matenda ai. Chimene chimaletsa madziwo kuŵira ndi chivindikiro chija. Chili ndi sipuling'i ndi labala zimene zimapanikiza madzi, monga muja uchitira mphika wotseka kwambiri wophikira nyemba msanga. Pa chivindikiro pamalembedwa nambala, kaŵirikaŵiri 0.9 kapena 1.1, yosonyeza kukula kwa kupanikizako, kumene amakaniko amati pulesha. Ndi chivindikiro chabwino, madzi saŵira mpaka atapitirira madigiri 115, ngakhale pa Dedza pomwe. Koma labala ikang'ambika, kapena wina akatseka pakamwa pa redieta ndi sanza kaya pepala la pulasitiki, madigiri 20 aja amatayika. Galimoto yotere ikhoza kuyenda bwinobwino ku Salima kapena m'tauni, n'kudzaŵira pa chitunda choyamba cha kumapiri.

Omvera a m'maboma ena asayese kuti nkhaniyi ndi ya ku Dedza kokha. Chitunda cha Thabwa pochokera ku Chikwawa, cha Chiweta ku Rumphi ndi mseu wokwera phiri la Zomba zimafunsa injini funso lomweli.

Muvi ukayamba kukwera

Dalaivala wanzeru amaponya diso pa geji nthaŵi zonse akamakwera. Magalimoto ambiri ang'onoang'ono ochokera ku Japan alibe geji. Ali ndi kanyale kobiriŵira kapena kabuluu kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kuti yatentha. Kofiirako kakayaka, nthaŵi yatha kale.

Muvi ukangodutsa pamene umakhala masiku onse, choyamba ndi kuchepetsa liŵiro ndi kuzimitsa eyakoni. Kenaka hita itsegulidwe mpaka kumapeto, mawindo ali otsegula. Hita ndi karedieta kakang'ono ka m'kati mwa galimoto, ndipo kamathandiza kutaya kutentha. Kamaperekanso umboni: ngati geji ikusonyeza kutentha koma hita ikutulutsa mphepo yozizira, ndiye kuti madzi atha kapena sakuzungulira, ndipo injini iyenera kuzimitsidwa nthaŵi yomweyo. N'chimodzimodzinso ngati nthunzi yaoneka, ngati kwamveka fungo la madzi otentha, ngati injini yayamba kugogoda ndi kufooka, kapena ngati nyale ya batire yayaka mwadzidzidzi, pakuti pa magalimoto ambiri fanibeluti imene imazunguza olotaneta ndi yomweyo imazunguza wotapampu. Pokhapokha ngati madzi sakutayika ndipo fani ikuzungulira, injini ikhoza kusiyidwa ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi zoŵerengeka kuti muvi utsike.

Kunena kuti “ndingomaliza kachitunda aka” ndiko kwapha injini zambiri. Kuthamanga sikufika. Kilomita imodzi yoyenda ndi muvi uli pofiira ikhoza kupinda hedi.

Galimoto iimikidwe kunja kwa phula, kutali ndi pokhota. Handibuleki ikokedwe, giya iloŵetsedwe, mwala uikidwe ku tayala, ndipo zikwangwani zofiira za ngodya zitatu ziikidwe kutsogolo ndi kumbuyo. Nthambi ndi miyala zimene zaikidwa pa mseu zichotsedwe ponyamuka, kuti zisakagwetse wa njinga usiku.

Tsono pali lamulo limene siliyenera kuthyoledwa: chivindikiro cha redieta sichitsegulidwa injini ili yotentha. Madzi opanikizidwa a madigiri 115 akangomasulidwa amasanduka nthunzi nthaŵi imodzi, n'kuthovokera kumaso ndi m'manja. Ngozi imeneyi ndi yaikulu koposa m'minibasi zimene injini yake ili pansi pa mpando wakutsogolo, pakuti madziwo amawazikira apaulendo. Anthu onse atsike, ndipo padutse mphindi zosachepera 30. Pambuyo pake paipi ya pamwamba ifinyidwe ndi nsalu. Ikakhala yolimba ngati tayala la njinga, pulesha ikadalimo. Ikafeŵa, chivindikiro chiphimbidwe ndi nsalu yochindikala, chipotokoledwe pang'ono kuti mpweya utuluke, nkhope ili kumbali. Wina akapsa, pa bala pathiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapakapo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo apite naye kuchipatala.

Madzi ozizira sathiridwa m'injini yotentha, kapena kukhuthulidwa pamwamba pake. Mayi aliyense amadziŵa chimene chimachitikira mphika wadothi wochoka pa moto ukathiridwa madzi a mumtsuko. Hedi nayo imang'aluka chimodzimodzi. Injini ikazizira, madzi athiridwe pang'onopang'ono, kenaka ilizidwe kuti mpweya wotsekeredwa utuluke, n'kuwonjezeranso.

Kufufuza pamene pagona vuto

Makaniko wodziŵa ntchito sayamba ndi sipanala. Amayamba ndi mafunso. “Pepani ndi ulendo, bambo. Kodi yayamba kutentha muli pati? Munali pa liŵiro, kapena mumakwaŵa pa chitunda? Mutatsetsereka, muvi unabwerera? Nanga madzi mumawonjezera kangati pa mlungu, ndipo mumatunga kuti?” Mayankho a mafunso ameneŵa amadula theka la ntchito.

Galimoto imene imatentha ikaima pa mdipiti wa m'tauni, koma n'kuzizira ikayamba kuthamanga, kaŵirikaŵiri vuto lake ndi fani. Pa liŵiro mphepo imaloŵa yokha m'redieta, ndipo fani siifunika kwenikweni. N'chimodzimodzi galimoto yotentha pa Khwekhwerere pokha, pamene imakwaŵa ndi giya yachiŵiri: mphepo ya kutsogolo imakhala yochepa, ndipo fani ndiyo iyenera kusenza ntchito yonse. Ngati ndi fani ya magetsi, ayang'ane fyuzi, mawaya ndi kachipangizo koiyatsa. Ngati ndi yozungulira ndi lamba, monga pa mapikapu ndi minibasi zambiri za dizilo, pakati pake pamakhala kilatchi ya mafuta olendera. Injini yotentha ikazimitsidwa, fani yotere iyenera kulimba poizunguza ndi dzanja. Ikamazungulira mopepuka ngati kamphero ka ana, yatha.

Koma galimoto imene m'tauni ilibe vuto, n'kumatentha pa liŵiro kapena pa chitunda chachitali cha M1, ikunena zina. Mphepo ilipo yambiri, koma kutentha sikukuchoka. Apa kufufuza kuyambire pa zotchipa kunka ku zodula.

Poyamba ndi kuchuluka kwa madzi, m'maŵa injini isanalizidwe. Ayang'anidwe m'redieta mwenimweni, osati m'kathanki ka pulasitiki kokha, pakuti kathankiko kakhoza kukhala kodzaza pamene redieta ili theka. Madzi akamachepa, pali pamene akutulukira. Zizindikiro zake ndi timikwasa toyera, tobiriŵira kapena tofiira pa mapaipi, pa zomangira zake, m'mphepete mwa redieta pamene pulasitiki wakumana ndi aluminiyamu, ndi pansi pa wotapampu. Kapeti yonyoŵa kumapazi a wokhala kutsogolo imasonyeza kuti hita ikudontha. Kabowo kena kamadontha pokhapokha injini itatentha, ndiye magalaja ena ali ndi kapampu ka pamanja kopopera pulesha m'redieta kuti kabowoko kaoneke.

Chachiŵiri ndi chivindikiro. Labala yake ikakhala yolimba, yong'aluka kapena yotupa, kapena sipuling'i ikakhala yofooka, chigulidwe china cha nambala yomweyo. Mwa zipangizo zonse zoziziritsa injini, ichi ndi chimodzi mwa zotchipa koposa.

Chachitatu ndi kunja kwa redieta. Njere za udzu, mankhusu, matope, agulugufe ndi ngumbi za m'nyengo ya mvula zimamatirira pa zipsepse, makamaka pa mpata wa pakati pa redieta ndi chipangizo cha eyakoni chimene chimakhala kutsogolo kwake. Tochi ikaunikidwa kumbuyo, kuŵala kuyenera kuonekera kutsogolo. Potsuka, madzi achokere mbali ya injini kunka kunja, ndipo asakhale amphamvu kwambiri, kuopa kupinda zipsepse.

Chachinayi, chimene chimapezeka kaŵirikaŵiri pa magalimoto otentha pa liŵiro, ndi m'kati mwa redieta. Dzimbiri, matope ndi miyala yoyera yochokera m'madzi zimatseka timapaipi kamodzikamodzi. Redieta yotsekeka theka imakwanitsa ntchito ya m'tauni, koma pa Linthipe imagonja. Poyesa, injini itenthe, izimitsidwe, kiyi achotsedwe, ndipo munthu asamale ndi fani ya magetsi chifukwa ina imadziyatsa yokha. Kenaka chikhatho chiyendetsedwe mosamala pa nkhope ya redieta. Iyenera kukhala yofunda ponseponse. Pamene pali pozizira pakati pa potentha, madzi sakudutsapo. Kungotsuka ndi paipi ya madzi sikuchotsa zouma zimenezi. Amisiri a maredieta amamasula mathanki ake ndi kutokosa kapaipi kalikonse ndi kachitsulo kopyapyala, ndipo redieta ikakhala yodyeka, mankhwala ake ndi kugula ina.

Chachisanu ndi paipi ya pansi. Wotapampu imayamwa madzi kudzera m'menemo, ndipo injini ikathamanga kuyamwako kumakula. Paipi yokalamba ndi yofeŵa imaphwafuka, n'kutseka njira. Injini ikabwerera pansi, imatukumukanso ngati palibe chachitika. Munthu mmodzi akaponda mafuta galimoto ili chiimire, wina akhoza kuona ndi maso paipiyo ikuphwafuka.

Chachisanu ndi chimodzi ndi themositati. Ikakanirira chotseka, injini imaŵira m'mphindi zochepa, paipi ya pamwamba ikadali yozizira. Koma ikamatseguka theka, madzi odutsa amakwanira m'tauni mokha. Kuyesa kwake n'kwapafupi: iikidwe m'poto wa madzi pa moto. Iyenera kuyamba kutseguka madzi asanabwate, ikhale yasa akamabwata, ndi kutsekekanso akazizira.

Chachisanu ndi chiŵiri ndi lamba ndi wotapampu. Fanibeluti ikadinikizidwa ndi chala chachikulu pakati pake, isaloŵe kupitirira sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Yonyezimira, yong'aluka kapena yolira isinthidwe. Wotapampu yakutha imalira, imagwedera, kapena imadontha pa kabowo ka pansi pake. Ina imaoneka yabwino kunja, pamene mapiko ake a m'kati anadyeka ndi dzimbiri, kotero kuti imangovundula madzi osaŵakankha.

Zonsezi zikakhala bwino, makaniko ayang'ane zolemetsa injini: mabuleki ogwira, amene amadziŵika ndi kutentha kwa limu pambuyo pa ulendo, oilo wochepa, taimingi yolakwika, ndi katundu wopyola muyeso.

Pamene gasiketi yapsa

Pakati pa hedi ndi buloko pali gasiketi, imene imalekanitsa moto, madzi ndi oilo. Injini ikatentha kwambiri hedi imapindika, gasiketi n'kupsa. Ikapsa, mpweya wa moto umaloŵa m'madzi ndi kuŵakankhira kunja, makamaka injini ikamakoka pa chitunda. Choncho gasiketi ikhoza kukhala chotsatira cha kutentha, ndiponso chiyambi cha kutentha kwina.

Zizindikiro zake ndi izi: thovu lotuluka mosalekeza pakamwa pa redieta injini ikalizidwa ili yozizira, paipi ya pamwamba yolimba patangopita mphindi imodzi kapena ziŵiri, madzi otha popanda podontha, oilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndi utsi woyera wochuluka wosatha ngakhale injini itatentha. Apa pafunika kusamala, pakuti m'maŵa wa ku Dedza galimoto iliyonse imatulutsa nthunzi yoyera ku ekizozi, monga momwe munthu amatulutsira m'kamwa; imeneyo imatha injini ikafunda. Magalaja ena ali ndi madzi oyesera a buluu amene amasintha mtundu akakumana ndi utsi wochokera m'redieta.

Kusintha gasiketi kokha sikukwanira. Hedi iyenera kuyezedwa ngati ili yowongoka ndi yosang'aluka, ndipo ikapindika ipite kumakina kukapalidwa, ntchito imene amakaniko amati kusikima. Koposa zonse, chimene chinatenthetsa injini poyamba chipezeke. Kupanda kutero, gasiketi yatsopano idzapsa pa chitunda chomwecho.

Zizoloŵezi zimene zimapha injini

Chizoloŵezi choyamba ndi kuchotsa themositati, ponena kuti inapangidwira maiko ozizira. Injini yopanda themositati imachedwa kutentha, makamaka m'maŵa wa kumapiri ndi potsetsereka mitunda italiitali, motero imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga. Pa injini zina themositati imatsekanso kanjira kachidule ka madzi; ikachotsedwa, madzi ena amazungulira m'injini momwemo osafika ku redieta, ndipo kutentha kumakula. Kuichotsa kukhoza kufikitsa munthu pa galaja tsiku limene yakanirira, koma pamalo pake pabwerere yatsopano.

Chachiŵiri ndi madzi othiramo. A m'dambo ali ndi matope, ndipo a pa mijigo ina ali ndi mchere umene umasiya miyala yoyera, yonga ija imamera m'ketulo. Pa ngozi madzi alionse oyera amaposa kusoŵa madzi, koma pofika kunyumba akhuthulidwe. Choyenera kukhala m'injini ndi kulanti, madzi a mankhwala obiriŵira, ofiira kapena a pinki. Ambiri amati ngwa kumaiko a chisanu, koma ntchito yake ina ndi kuletsa dzimbiri ndi kuteteza wotapampu, ndipo akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera amachedwetsa kuŵira ndi madigiri pafupifupi 7. Mitundu yosiyana isasakanizidwe, ndipo asinthidwe pa nthaŵi imene opanga analemba pa chigubu. Kulanti ndi poizoni wotsekemera. Asungidwe kutali ndi ana ndi ziŵeto, ndipo asaikidwe m'botolo la zakumwa.

Chachitatu ndi kuthira dzira, ufa kapena fodya m'redieta pofuna kumata podontha. Zimamatadi, koma sizisankha: zimamatanso timapaipi tabwino ndi hita. Walira mvula walira matope.

Chachinayi ndi kayendetsedwe. Kukwera chitunda ndi giya yaikulu, phazi lili pansi, injini ikubuula, kumabala kutentha kwambiri pamene wotapampu ndi fani zikuzungulira mwaulesi. Kutsitsa giya msanga kumapeputsa injini ndi kufulumizitsa madzi. Ndipo wofika pamwamba pa Masasa asazimitse injini nthaŵi yomweyo, chifukwa madzi akaima, kutentha kotsalira m'hedi kumaŵaŵiritsa. Ilire kaye mphindi ziŵiri kapena zitatu.

Madalaivala a mabasi a UTM ndi a malole a Bedford a m'zaka za m'ma 1970 anali ndi mwambo woyang'ana madzi, oilo ndi malamba m'maŵa uliwonse asanalize injini. Magalimoto asintha, koma mwambowu sunakalambe, ndipo sutenga mphindi zoposa zisanu. Woyamba ulendo wa kumapiri atenge chigubu cha malita 5 a madzi oyera, fanibeluti yapadera, zomangira mapaipi, nsalu yochindikala ndi tochi.

Injini siŵira popanda kuchenjeza. Muvi umene mwezi watha unkaima pakati, lero n'kumasuntha pang'ono pa Linthipe ndi kubwerera potsetsereka, ukupereka uthenga mwaulemu, pamene mtengo wake ukadali wa chivindikiro, wa paipi kapena wa kutsukitsa redieta. Wonyalanyaza uthengawo adzaumvanso tsiku lina pa Khwekhwerere, apaulendo atakhala pa udzu, ndipo pamenepo mtengo wake udzakhala wa injini.